Wina M'banja Akafuna Kuchita MBA

M'maofesi a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, munthu akakhala pa mpando umodzi zaka zingapo osakwezedwa, maganizo obwerera kusukulu amayamba kumusowetsa tulo. Akatsegula nyuzipepala apeza kuti ntchito za umanijala zikufuna digiri yachiwiri. Mnzake amene analowa naye ntchito mwezi umodzi wavala kale gauni kachiwiri. Ndiye tsiku lina madzulo, ana atagona, nkhani imatuluka: "Abambo, ine chaka chamawa ndikufuna ndiyambe MBA."

Malangizo awa ndikulembera onse awiri, wofuna kuphunzirayo ndi amene wauzidwayo. Kalata yochokera ku yunivesite idzabwera ndi dzina la munthu mmodzi, koma fizi idzachoka m'thumba la banja, ndipo Loweruka limene wophunzira adzakhale m'kalasi ndi lomwelo limene ana amamuyembekezera pakhomo. Zimene sukulu zimafuna kuti munthu alowe si zovuta kuzipeza ngati wayamba kuzisonkhanitsa msanga. Ambiri sakanika polowa. Amakanika ali mkati, ndalama za chaka chachiwiri zikasowa, kapena akafika pa kafukufuku wa kumapeto mphamvu zitawathera. Choncho pokonzekera muziyang'ana mpaka tsiku lomaliza.

MBA ndi chidule cha Master of Business Administration, digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi. Inayambira ku America, pa yunivesite ya Harvard, mu 1908. Cholinga chake si kusula katswiri wa chinthu chimodzi. Imatenga munthu wodziwa kale ntchito yake, kaya ndi namwino, injiniya, mlangizi wa zaulimi kapena mphunzitsi wamkulu, n'kumuphunzitsa kuona bungwe lonse: ndalama zikulowa bwanji, zikutuluka bwanji, antchito akusamalidwa motani, katundu akufika bwanji kwa wogula. N'chifukwa chake sipafunika kuti digiri yanu yoyamba ikhale ya zamalonda.

Koma si aliyense amene MBA ingamuthandize, ndipo izi zikambidwe poyera banja lisanatulutse tambala. Ngati chimene mukufuna n'kukhala akauntanti wovomerezeka, njira yanu ndi mayeso a ICAM, ACCA kapena CIMA. Ngati mukufuna kudzaphunzitsa pa yunivesite n'kupitirira mpaka PhD, digiri yachiwiri ya phunziro lanu lenileni, yokhala ndi kafukufuku wozama, ingakuyenereni kwambiri. Ngati mukuyembekeza kuti mukangobweretsa pepalalo malipiro akwera, pitani kaye ku ofesi yoona za antchito mukafunse ngati malamulo a pantchito panu amatero. Malo ambiri satero. Amakweza munthu mpando ukapezeka, ndipo pepalalo limangomuika pamzere wa oyenera kuitanidwa ku intaviyu.

Fufuzani sukulu musanatenge fomu

Kuno ku Malawi bungwe loona za sukulu za ukachenjede ndi National Council for Higher Education, mwachidule NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Bungweli limagwira ntchito ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Limalembetsa sukulu kuti iyambe kuphunzitsa, komanso limayendera maphunziro amodziamodzi n'kuwavomereza. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene MBA yake sinavomerezedwe. Ikhoza kukhala ndi digiri yoyamba ya bizinesi yovomerezeka, yachiwiri idakali kudikira. Musakhutire ndi chikwangwani cha pageti kapena mawu okoma a wogulitsa mafomu. Onani mndandanda umene NCHE imatulutsa, mupezepo dzina la sukuluyo ndi dzina la digiri imene mukufunayo, zonse ziwiri. Zikapanda kuoneka, imbani foni ku bungwelo kapena pitani ku maofesi ake ku Lilongwe.

Malo ophunzirira alipo. MUBAS, imene tinkaitcha Polytechnic isanapatuke ku University of Malawi mu 2021, imaphunzitsa MBA ku Blantyre. ESAMI, imene likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania, imaphunzitsanso anthu apantchito ku Lilongwe. Palinso mayunivesite omwe si aboma, ndi ena akunja ophunzitsa pa intaneti. Akunjawa ndiwo ofunika kusamala nawo kwambiri. Musanalipire, funsani ku NCHE ngati digiri yawo idzazindikiridwe kuno mukamaliza. Onaninso ngati sukuluyo ili ndi chidindo cha limodzi mwa mabungwe atatu odziwika padziko lonse pa maphunziro a bizinesi: AACSB la ku America, AMBA la ku London, ndi EFMD la ku Brussels, limene chidindo chake chimatchedwa EQUIS. Kusowa zidindo zimenezi sikutanthauza kuti sukulu ndi yabodza, pakuti sukulu zabwino zambiri za mu Africa zilibe. Koma sukulu yokulonjezani MBA m'miyezi yochepa, popanda mayeso, osafunsa n'komwe za digiri yanu yoyamba, ithaweni.

Mapepala amene adzafune

Choyamba ndi digiri yoyamba yochokera ku sukulu yovomerezeka. Sukulu zambiri zimayang'ananso mmene munakhozera. Kwathu kuno mumva za credit ndi distinction, ku Britain amanena za 2:1 ndi 2:2, ku America amawerenga GPA pa 4.0 ndipo ambiri amafuna 3.0 kapena kuposa. Amene munangokhoza ndi pass musataye mtima. Sukulu zina zimalandira munthu wotere ngati wagwira ntchito yooneka kwa zaka zambiri, zina zimamuuza ayambe wachita dipuloma ya pambuyo pa digiri kwa chaka chimodzi. Ena amalowa ndi mapepala a ACCA kapena CIMA m'malo mwa digiri. Sukulu iliyonse ili ndi zofuna zake, choncho werengani chilengezo cha chaka chimenecho mzere ndi mzere, osadalira zimene mnzanu anakumana nazo zaka zapitazo.

Chachiwiri ndi zaka za pantchito. Sukulu zambiri zimafuna ziwiri kapena zitatu mutamaliza digiri yoyamba, ndipo zokhala ndi chidindo cha AMBA zimafuna zosachepera zitatu. MBA ya mabwana, imene amaitcha Executive, imafuna zoposa pamenepo, zina mwa izo muli pa udindo woyang'anira anthu kapena ndalama. Lamulo lofuna zaka za pantchitoli ine ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse. Makolo amene mwana wanu wangomaliza kumene ku koleji ndipo ntchito siikupezeka, ndikumvetsa kuti mtima umawawa kumuona akungokhala, ndipo mumaganiza zomutumiza ku MBA. Dikirani kaye. Zambiri za m'kalasi zimachokera pa zimene ophunzira anakumana nazo kuntchito. Amene sanayambe wasowa ndalama zolipira antchito kumapeto a mwezi, sanayambe wakangana ndi kasitomala, sanayambe wadzudzula munthu wamkulu kuposa iye chifukwa chojomba, amangokhala chete n'kumalemba zonena anzake. Bizinesi yanuyanu ikhoza kuwerengedwa ngati ntchito mukakhala ndi umboni: satifiketi yolembetsera bizinesi, mapepala a MRA, sitetimenti ya ku banki.

Pepala limene limachedwetsa anthu kwambiri ndi transcript, mndandanda wa maphunziro onse amene munachita pamodzi ndi malikisi ake. Satifiketi yokha siikwanira. Transcript imachokera ku ofesi ya registrar wa koleji imene munaphunzira, imalipiridwa, ndipo siituluka tsiku lomwelo. Ngati munasiya ngongole ya fizi kapena buku la ku laibulale losabweza, nkhaniyo idzatulukira pamenepa. Amene munaphunzira ku Polytechnic, ku Bunda kapena ku Kamuzu College of Nursing, sukulu zanu zinasintha mayina, kotero funsani msanga kuti faelo yanu ili mu ofesi iti. Sukulu zakunja zambiri sizilandira transcript yodzera m'manja mwanu. Zimafuna ichoke ku koleji kupita kwa iwo mwachindunji, mu envelopu yomata ndi yodinda kapena pa imelo ya ofesiyo. Ipempheni kudakali miyezi itatu tsiku lotseka mafomu lisanafike.

Kenako yalani mapepala anu onse patebulo: satifiketi ya MSCE, digiri, chiphaso cha unzika, pasipoti. Werengani mayina chilembo ndi chilembo, ndi tsiku lobadwa lomwe. Ambiri a ife tili ndi dzina limene linalembedwa ndi L ku pulayimale n'kudzalembedwa ndi R ku koleji, kapena dzina lapakati lopezeka pa pepala limodzi lokha. Amayi ambiri digiri ili m'dzina la bambo awo pamene pasipoti ili m'dzina la amuna awo. Kwa ife n'zachizolowezi, koma kwa kalaliki wa ku yunivesite amenewo ndi anthu awiri. Pitani kwa loya kapena kwa majisitireti mukalumbire kalata yotsimikiza kuti mayina onsewo ndi anu, ndipo ngati dzina linasintha ndi ukwati muphatikizepo satifiketi ya ukwatiwo. Ulendo womwewo dinditsani mafotokope a masatifiketi anu, angapo ndithu, chifukwa adzafunika kangapo. Masatifiketi enieniwo asachoke pakhomo pokhapokha mutawanyamula nokha.

Makalata okuchitirani umboni amakhala awiri kapena atatu, kawirikawiri imodzi ya amene anakuphunzitsani ndi ina ya bwana wanu. Apa anthu amathamangira maudindo. Amafuna kalata ya phungu, ya abusa, kapena ya mkulu wa kampani amene amangolonjerana naye pakhomo la ofesi. Kalata yotere imangoti ndinu munthu wolimbikira ndi wamakhalidwe abwino, ndipo owerenga anatopa nazo zotere. Yamphamvu ndi ya amene amakuyang'anirani tsiku ndi tsiku, amene angalembe kuti munapatsidwa nthambi ikutaya ndalama ndipo munachita chakuti ndi chakuti mpaka inadzuka. Apempheni mwaulemu kudakali mwezi, muwapatse CV yanu ndi tsiku lotseka. Wachibale asakulembereni, ngakhale akhale ndi udindo wotani.

Kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira MBA ilembeni nokha. Nenani ntchito imene mumagwira, vuto lenileni limene lakukanikani chifukwa chosowa luso linalake, ndi chimene mukufuna kudzachita mukamaliza. Ngati pali intaviyu adzakufunsani zomwezo, n'kuwonjezera funso limene ambiri salikonzekera: fizi adzalipira ndani, ndipo nthawi yowerenga mudzaipeza kuti?

Sukulu zambiri zakunja zimafunanso mayeso olowera. Odziwika kwambiri ndi GMAT. Mmene alili kuyambira mu 2024, ali ndi zigawo zitatu za mphindi 45 chilichonse: masamu, kumvetsa ndi kusanthula zowerenga m'Chingerezi, ndi kutanthauzira matebulo ndi magirafu. Mafunso onse ndi 64, malikisi amayambira pa 205 kulekeza pa 805, ndipo zotsatira zimagwira ntchito zaka 5. M'chigawo cha masamu kakyuleta saloleza, ndiye amene munasiyana ndi masamu ku Fomu 4 dzipatseni miyezi itatu kapena inayi yobwereza maperesenti, mafulakishoni ndi aljebra. Buku la mwana wanu wa ku sekondale ndi poyambira pabwino. Sukulu zina zimalandira mayeso a GRE m'malo mwa GMAT, ndipo zina za ku South Africa zimalandira NMAT. Mayesowa amalipiridwa m'ndalama zakunja, choncho musalembetse musanatsimikize kuti sukulu imene mukufunayo ikuwafunadi. Pa nkhani ya Chingerezi, ena amafuna IELTS, kawirikawiri 6.5 kapena 7 pa 9, ndipo zotsatira zake zimatha mphamvu pakapita zaka 2. Funsani kaye, chifukwa sukulu zina zimakhutira ndi kalata ya ku koleji yanu yonena kuti munaphunzira m'Chingerezi.

Amene mukuyang'ana ku South Africa, ku sukulu za bizinesi za UCT, Stellenbosch, Wits kapena GIBS, mapepala anu ayenera kudzera ku SAQA, bungwe limene limayeza maphunziro akunja pa sikelo ya dzikolo. MBA kumeneko ili pa mlingo 9, ndipo polowa amafuna pepala la mlingo 8. SAQA ikaika digiri yanu pa 7, mudzayamba mwachita dipuloma ya chaka chimodzi, ndipo ndalama za chaka chimenecho muziwerengeretu. Ku Britain MBA ya amene asiya ntchito kuti angophunzira nthawi zambiri imatenga chaka chimodzi, pamene ku America kawirikawiri ndi zaka ziwiri. Banja lidziwiretu kuti kuyambira mu Januwale 2024 Britain siilola wophunzira digiri yachiwiri ya m'kalasi, monga MBA, kutenga mkazi, mwamuna kapena ana pa viza yake, kupatula amene akulipiriridwa ndi boma. Thandizo la maphunziro lotchedwa Chevening limafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka 2 ndi kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera 2. Pa MBA limalipira fizi mpaka pa malire amene anaika, yotsalayo n'kukhala yanu.

Zimene zili m'kalasimo

Kuno kwathu ambiri amaphunzira akugwira ntchito, madzulo, Loweruka ndi Lamlungu, kapena sabata yathunthu kamodzi pa miyezi ingapo, ndipo zonse zimatenga pafupifupi zaka ziwiri. Poyamba pamakhala maphunziro oti aliyense achite: kawerengedwe ka ndalama za kampani, kasamalidwe ka chuma, malonda ndi kutsatsa, kayendetsedwe ka antchito, kapangidwe ndi kayendedwe ka katundu, chuma cha dziko, masamu a ziwerengero, malamulo a bizinesi. Kenako pamabwera phunziro la strategy, lomanga zonsezo pamodzi, maphunziro ochepa osankha nokha, ndi phunziro la kachitidwe ka kafukufuku. Ochokera ku uphunzitsi kapena ku zaumoyo amatuluka thukuta ndi accounting ndi finance. Maakauntanti nawo amavutika akauzidwa kulemba masamba khumi ofotokoza mmene angasungire antchito osakhutira.

Kuti mudziyese ngati masamu ake mungawathe, tengani chitsanzo ichi, cha mtundu umene mudzakumane nawo semesita yoyamba. Tiyerekeze kuti muli ndi chigayo. Lendi, malipiro a woyendetsa chigayo ndi a mlonda zimakwana K600,000 pamwezi, kaya mwagaya kaya simunagaye. Ndowa imodzi mumalipiritsa K1,000, koma pa ndowa iliyonse magetsi ndi kutha kwa zitsulo zimadya K400. Ndiye kuti ndowa iliyonse ikukusiyirani K600. Kuti mungobweza K600,000 ija muyenera kugaya ndowa 1,000 pamwezi, kapena ndowa 40 patsiku ngati mumatsegula masiku 25. Phindu limayamba pa ndowa ya 1,001. Tsopano magetsi akwera, ndowa ikudya K500. Zofunika zafika pa ndowa 1,200 pamwezi, 48 patsiku. Mphunzitsi sadzaima pa yankho limenelo. Adzafunsa: mukweza mtengo kodi, chikhalirecho chigayo china chili kutsidya kwa msewu? Muchotsa mlonda? Muyamba kugulitsa madeya kwa oweta nkhuku? Nanga miyezi ya njala, pamene anthu alibe chimanga chokagayitsa, lendi muilipira ndi chiyani? Ngati mafunso oterewa akukukokani mtima, MBA mudzaikonda. Ngati manambala akuzunguzani mutu, phunzirani kaye Excel ndi kawerengedwe ka sitetimenti ya phindu ndi kuluza miyezi ingapo musanayambe.

Malikisi amachokera ku mayeso, ntchito zolembera kunyumba ndi ntchito za pagulu. Pa digiri yachiwiri sukulu zambiri zimaika malire okhozera pa 50 peresenti, ndipo za ku America zimafuna GPA isatsike pa 3.0. Mukalephera phunziro limodzi mumalibwereza n'kulipiranso, mukalephera kangapo amakuchotsani. Masiku olowa m'kalasi amawerengedwanso. Pemphani buku la malamulo a ophunzira tsiku loyamba, muwerenge makamaka za kuimitsa maphunziro mukadwala kapena ndalama zikavuta, ndi zaka zimene amalola munthu kukhala pa sukulupo asanamufufute m'kaundula.

Ndalama ndi nthawi za banja

Khalani pansi awiri ndi kope, mulembe mtengo wa zaka zonse, osati wa semesita yoyamba yokha. Pa fizi onjezani ndalama ya fomu, yolembetsera chaka chilichonse, laputopu yodalirika, bandulo ya intaneti mwezi ndi mwezi, kusindikiza, mayendedwe, ndi malo ogona ngati mukuchokera ku Mangochi kapena ku Karonga kukaphunzira mumzinda. Magetsi akamazimazima mudzafuna nyali ya sola ndi chotchajira laputopu. Ikanipo ndalama za kafukufuku ndi za gauni. Funsani ku sukulu ngati fizi imene mwayamba nayo ndi imene mudzamalize nayo, chifukwa kawirikawiri imakwera. Mukapeza chiwerengero, chiikeni pafupi ndi fizi ya ana, lendi, feteleza wa kumudzi ndi thandizo la makolo. Walira mvula walira matope: china mwa zimenezi chidzachepa kwa zaka ziwiri, ndipo ndi bwino musankhe nokha lero kuti ndi chiti. Chimene sindingavomereze n'chakuti mwana abwezedwe kusukulu chifukwa fizi yake yapita ku MBA ya kholo. Zikafika pamenepo, MBA idikire chaka china.

Fizi yotchulidwa m'madola kapena m'mapaundi ili ndi vuto lakelake. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti nthawi imodzi, itachepetsedwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Amene ankalipira sukulu zakunja kuchokera pa malipiro a makwacha anadzuka ngongole yawo itakula, malipiro ali pomwe anali. Ndalama zakunjazo kuzipeza ku banki kumatenganso nthawi. Mukasankha sukulu yotere, werengerani ngati kuti kwacha igwanso musanamalize. Ngongole ya ku banki kapena ku SACCO yodula pa malipiro ikhoza kuthandiza, bola muone ndalama imene izitsala kumapeto a mwezi n'kugwirizana kuti banja likhoza kudya pa imeneyo. Katapila asalowe m'nkhani imeneyi, ndipo nyumba kapena munda zisakhale chikole.

Abwana anu auzeni musanayambe, ngakhale mukulipira nokha, chifukwa mudzafuna masiku a tchuthi nthawi ya mayeso. Kampani ikavomera kukulipirirani, idzakusainitsani pangano loti mugwire ntchito zaka zakutizakuti mukamaliza, apo ayi mubweze ndalama. Panganolo liwerengeni nonse awiri kunyumba musanasaine, makamaka ndime yonena zimene zidzachitike mukalephera, mukachotsedwa ntchito kapena mukasamutsidwa.

Nthawi imabweretsa mikangano m'nyumba kuposa ndalama. Kuwonjezera pa kalasi, wophunzira amafunika maola awiri kapena atatu owerenga pafupifupi tsiku lililonse. Gwirizanani kuti maolawo ndi ati, kaya mbandakucha ana asanadzuke kaya usiku, ndi kuti malo ake ndi ati, ngakhale katebulo kakuchipinda. Uzani abale, a kumpingo kapena kumzikiti ndi a m'makomiti kuti kwa zaka ziwiri simuzipezeka pa zinkhoswe ndi maukwati onse, ndipo maudindo ena muwatule. Maliro a pafupi simungawathawe, ndiye musamasiye ntchito yolemba mpaka tsiku lomaliza. Ntchito za pagulu zimachititsa kuti wophunzira azikumana ndi anzake, amuna ndi akazi, madzulo, n'kumalemberana pa WhatsApp mpaka usiku. Mnzanu wa m'nyumba awadziwe anthu amenewa mayina ndi nkhope. Aitaneni tsiku lina adzawerengere kwanu.

Kwa abambo amene akazi anu ndiwo akuphunzira, kuvomera pakamwa sikukwanira. Mayi amene waweruka 5 koloko, n'kuphika, n'kusambitsa ana, n'kuchapa mayunifolomu, sangatsegule buku la finance 10 koloko usiku n'kumvamo kanthu. Tengani ntchito zina zikhale zanu zodziwika, monga homuweki ya ana ndi kugula zapamsika, kapena pezani wothandiza pakhomo ndipo malipiro ake alowe mu kope lija.

Kafukufuku wa kumapeto

Kalasi ikatha ambiri amaganiza kuti amaliza, chikhalirecho patsala kafukufuku. Apa palibe wokuitanani m'kalasi, anzanu a pagulu abalalika, ndipo kuntchito akuti sukulu yatha ndiye akuwonjezerani zochita. Ndondomeko yake ndi iyi: mumasankha mutu, mumalemba pulani ya kafukufuku n'kuifotokoza pamaso pa aphunzitsi, mumapeza chilolezo cha komiti yoona kuti ofunsidwa asalakwiridwe ndi cha bungwe limene mukafufuzeko, mumasonkhanitsa mayankho, mumawasanthula, mumalemba, kenako oyesa amawerenga, ndipo sukulu zina zimakuitanani kukayankha mafunso pamaso. Mutu muyambe kuuganizira chaka choyamba. Ukhale waung'ono, ndi wa malo amene angakuloleni kuona mabuku awo ndi kufunsa anthu awo. Kufufuza chifukwa chimene mabizinesi ang'onoang'ono a m'Malawi muno amagwera ndi ntchito ya zaka zambiri. Kufufuza chifukwa chimene makasitomala a nthambi yanu amachedwera kubweza ngongole ndi ntchito ya miyezi ingapo, ndipo abwana anu adzafuna kuiwerenga.

Supavaiza wanu, mphunzitsi wokuyang'anirani pa kafukufukuyo, ali ndi ophunzira ambiri ndipo sadzakusakani. Gwirizanani nawo tsiku lokumana mwezi uliwonse, muziwatumizira zolemba kudakali sabata, ndipo zimene anena muzizilemba n'kuwatumizira pa imelo kuti mawa pasadzakhale kukanirana. Musadikire kuti chaputala chonse chikhale chosalala ndiye mutumize. Masamba asanu okhota amene awerengedwa amakupititsani patsogolo kuposa makumi awiri amene akungokhala mu laputopu. Ndipo inu a pakhomo, ino si nthawi yobwezera wophunzira ntchito zonse zimene munamulandira. Maola owerenga aja apitirire mpaka buku la kafukufukuyo litaperekedwa, chifukwa semesita iliyonse yopitirira nthawi sukulu zambiri zimalipiritsanso.

Adzakupezani anthu onena kuti akhoza kukulemberani kafukufuku yense pa mtengo wakuti. Akaneni. Mayunivesite amadutsitsa zolemba m'mapulogalamu ofufuza zokopera monga Turnitin, ndipo oyesa akayamba kufunsa chifukwa chimene munasankhira anthu amene munawafunsawo, wolemberedwa sachedwa kudziwika. Chilango chake chimafika pochotsedwa sukulu, ndipo digiri ikhoza kulandidwa ngakhale mutavala kale gauni. Ndalama zonse zimene banja linadzimana zimathera pamenepo.

Ngati mwakambirana zonsezi ndipo nonse mwavomera, yambani ndi zinthu ziwiri zimene sizidikira chilengezo cha sukulu. Mawa lembani kalata yopempha transcript, ndipo fufuzani dzina la digiriyo pa mndandanda wa NCHE. Fomu mukatenge ziwirizi zikatheka.